Mphuno ikasiya kumva fungo, banja lonse ligwirepo ntchito

Ku Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, munthu sachita kusuzumira m'khitchini kuti adziwe ndiwo za tsikulo. Mlamba wowamba ukakhala pamoto, fungo limakafika kumsewu. Mpunga watsopano ukamapsa, ana amasiya okha masewera osaitanidwa.

Tsono taganizirani za mayi amene wakhala akuphikira banja lake kwa zaka zambiri, koma lero nsima ikupserera iye ali pomwepo pambali pa mafuwa, osamva kanthu mpaka mwana atathamanga kuchokera panja kudzamuuza. Akalawa ndiwo akuona ngati mulibe mchere, athira wina, kenaka winanso. Bambo a m'nyumba akankhira mbale kumbali. Iye mwini adya mbamu ziwiri kapena zitatu n'kusamba m'manja, poti chilichonse m'kamwa chikungokhala ngati gaga wonyowa. Chonsecho chimfine chomwe chidayambitsa zimenezi chidatha miyezi isanu ndi umodzi yapitayo.

Mayi wotereyu sadalodzedwe, sakunyada, ndipo sadaiwale kuphika. Ali ndi vuto lomwe madokotala amalitcha anosmia, kutanthauza kusamva fungo. Vutoli silipweteka ndipo silioneka ndi maso, n'chifukwa chake ambiri amangolisunga mumtima osapita nalo kuchipatala. Koma likakhalitsa limatha kuondetsa munthu, kukweza magazi a banja lonse kudzera mumchere, kuyambitsa ngozi ya moto ngakhalenso kudanitsa anthu m'nyumba.

Mliri womwe udaulula vutoli

Kusamva fungo si kwachilendo, koma ambiri adayamba kukumva kutchulidwa nthawi ya Covid-19. Matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, ndipo adafika poipa mu Januwale 2021 pomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Nthawi imeneyo mauthenga a zaumoyo ankatchula kusamva fungo ndi kukoma kwa chakudya ngati chimodzi mwa zizindikiro za matendawa, pamodzi ndi kutentha thupi, chifuwa ndi kubanika.

Kumidzi, kutali ndi malo oyezera, ambiri sadayezedwe n'komwe. Adangoti ndi chimfine champhamvu, adagona masiku angapo, n'kudzuka kubwerera kumunda kapena kunyanja. Ena mwa iwo mphuno idatsalira m'mbuyo.

Mu Julayi 2022, magazini ya zachipatala ya ku Britain yotchedwa BMJ idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adaphatikiza odwala oposa 3,600 a m'maiko osiyanasiyana. Mwa omwe adasiya kumva fungo chifukwa cha Covid-19, pafupifupi 74 mwa 100 alionse adayambanso kumva pakutha pa mwezi umodzi, ndipo pafupifupi 96 mwa 100 alionse adali atayambanso kumva pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi. Koma ofufuzawo adayerekeza kuti anthu pafupifupi 5 mwa 100 alionse amatsala ndi vutoli kwa nthawi yaitali, ndipo amayi ndiwo amachedwa kuchira kuyerekeza ndi abambo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sikhalanso m'gulu la miliri yodzidzimutsa dziko lonse. Komabe kachilomboko kadakalipo, ndipo tizilombo tina ta chimfine timawononganso mphuno mwa njira yofananayo.

Lilime lili ndi ntchito yake, mphuno ilinso ndi yake

Odwala ambiri amadandaula kuti m'kamwa mwafa. Koma akayezedwa, kawirikawiri zimapezeka kuti lilime lili bwinobwino, vuto lili m'mphuno.

Lilime limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera ngati kwa shuga, mchere, kuwawasa ngati kwa ndimu, kuwawa ngati kwa kwinini, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama, bowa kapena matimati akupsa, komwe katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, adakutcha umami mu 1908. Zina zonse, monga kusiyanitsa mango ndi papaya, kapena chambo ndi mlamba, ndi ntchito ya mphuno. Tikamatafuna, fungo la chakudya limakwera kudzera kuseri kwa m'kamwa n'kukafika m'mphuno, ndipo ubongo umaphatikiza zonsezi kukhala chomwe timati kukoma.

Yesani nokha. Tsinani mphuno, tsinzinani, wina akupatseni kachidutswa ka gwafa kapena ka mango. Mumva kutsekemera ndi kuwawasa, koma muvutika kutchula chipatsocho. Mukangosiya mphuno, dzina lake libwera pompo. Umo ndi momwe wodwala anosmia amadyera tsiku lililonse, ngati wina wamutsina mphuno osamusiya.

Kumtunda kwenikweni kwa mphuno, pakati pa maso, kuli kachigawo kakang'ono komwe kali ndi timitsempha mamiliyoni tomva fungo. Akatswiri awiri a ku America, Linda Buck ndi Richard Axel, ndiwo adatulukira mu 1991 momwe timitsemphati timagwirira fungo, ndipo adalandira nazo mphoto ya Nobel mu 2004. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tinthu togwira fungoti. Timitsemphati timadutsa pafupa lopyapyala lokhala ndi timabowo ngati sefa, n'kukalowa muubongo.

Mu 2020, ofufuza a ku yunivesite ya Harvard adaonetsa kuti kachilombo ka Covid-19 kamalowa makamaka m'maselo omwe amachirikiza timitsemphati, osati m'timitsempha momwemo. Zili ngati nyemba zoyanga paphesi la chimanga: phesi likagwa, nyemba zimagwa nalo ngakhale kuti izo sizidadwale. Nkhani yabwino ndi yoti timitsempha ta fungo ndi tosiyana ndi mitsempha yambiri ya m'thupi, chifukwa timatha kuphukanso moyo wonse wa munthu. Kungoti timaphuka pang'onopang'ono, ndipo ena zimawatengera chaka kapena ziwiri.

Si Covid-19 yokha

Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi akakumana ndi munthu wosamva fungo, asathamangire kunena kuti ndi Covid-19. Zoyambitsa zilipo zingapo.

Chofala kwambiri ndi kutsekeka kwa mphuno, kaya chifukwa cha chimfine chosatherapo, kutupa kwa m'kati mwa mphuno kobwera ndi fumbi ndi utsi, kapena tinthu tofewa tomera m'mphuno totchedwa polyps. Apa timitsempha timakhala tili bwino, koma mpweya sukufikako. Mtundu umenewu ndiwo umachizika msanga ndi mankhwala opopera m'mphuno kapena opaleshoni.

China ndi kuvulala m'mutu. Munthu akagwa panjinga yamoto ya kabaza alibe chipewa choteteza mutu, ubongo umagwedezeka ndipo timitsempha tija timatha kuduka pafupa la timabowo lija. Ambiri otere amazindikira patapita masabata, mabala ena atapola. Mtundu uwu ndi wovuta kuchira, ndipo ndi chifukwa chinanso chovalira chipewacho ngakhale ulendo ukhale waufupi.

Ukalamba nawo umachepetsa mphamvu ya mphuno, chimodzimodzinso kusuta fodya ndi kufwenkha fodya wa m'mphuno. Kwa achikulire ena, kusamva fungo kumayamba zaka zingapo matenda onjenjemera a Parkinson kapena matenda oiwalaiwala a Alzheimer asanaonekere.

Palinso zomwe zimasokoneza lilime lenilenilo: zilonda kapena zoyera zomera m'kamwa, mano obooka, m'kamwa mouma, kuchepa kwa mchere wa zinc m'thupi, ndi mankhwala ena. Mwachitsanzo, metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Flagyl, amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, koma kumatha munthu akamaliza mankhwalawo. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye okha chifukwa choti chakudya chasiya kukoma. Akafotokoze kuchipatala.

Kuti mudziwe komwe kuli vuto, ikani pa lilime la wodwala kashuga pang'ono, kenaka kamchere, kenaka dontho la ndimu, akuchukucha m'kamwa ndi madzi pakati pake. Ngati akusiyanitsa zitatuzi atatsinzina, lilime lili moyo.

Fungo likabwerera mokhota

Pali gawo lina lomwe limaopsa anthu kuposa kusamva fungo kumene. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, fungo limayamba kubwerera koma losokonekera. Anyezi wokazinga amanunkha ngati chimbudzi, nyama yootcha ngati chinthu chovunda, sopo ngati tayala lopsa. Madokotala amati parosmia. Zomwe zimavutitsa ambiri ndi anyezi, adyo, mazira, nyama, khofi ndi zokazinga m'mafuta. Ena amamva fungo la utsi kapena la zinthu zowola pomwe palibe chilichonse.

Apa mpamene pamayambira maganizo oti wina wathira mankhwala m'chakudya. Bambo akhoza kukayikira mkazi wake, mpongozi kukayikira mtengwa, mpaka nkhani kukafika kwa ankhoswe kapena kwa mfumu. Chikhalirecho ndiwo zomwezo ena onse akudya bwinobwino. Chomwe chikuchitika n'choti timitsempha tatsopano tikuphuka koma sitidalumikizane bwino, choncho ubongo ukulandira uthenga wopereweza. Akatswiri ambiri amaona kusokonekeraku ngati chizindikiro choti mphuno yayamba kudzuka, ndipo kwa ambiri kumachepa m'kupita kwa miyezi.

Ngozi zomwe mphuno inkatitchinjiriza

Mphuno ndi mlonda yemwe salipidwa. Akachoka, banja liyenera kugawana ntchito yake.

Moto ndiwo woyamba. Wosamva fungo asasiye mphika pamoto n'kupita kukatunga madzi kapena kukacheza kwa aneba, makamaka m'khitchini yofolera ndi udzu. Usiku aonetsetse ndi maso kuti nyali, kandulo ndi zikuni zazima. Koma dziwani ichi: mpweya wakupha wochokera kumakala a mbaula ulibe fungo ngakhale kwa munthu wa mphuno yabwino. Mbaula isagone m'nyumba yotseka, kaya muli wodwala kaya mulibe. Kwa omwe amaphikira gasi m'matauni ngati Liwonde ndi Balaka, fungo lomwe limaikidwa mugasi kuti lichenjeze anthu silingathandize wodwalayu. Pakani thovu la sopo polumikizira paipi: likamatupa, gasi akutuluka.

Chachiwiri ndi chakudya chowonongeka. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndiwo za nyemba kapena za nsomba zimasasa msanga. Wodwala asadalire kununkhiza kapena kulawa. Apemphe wina, ngakhale mwana wamkulupo, kuti anunkhize mkute ndi ndiwo zogona. Zotsala zitenthetsedwe mpaka kuwira, ndipo zokayikitsa zitayidwe. Pogula nsomba yaiwisi padoko, ayang'ane maso owala ndi mnofu wolimba womwe ukadinidwa ndi chala umabwerera. Amene lilime lake silikumva kuwawa asalawe chinangwa chachiwisi pofuna kudziwa ngati chili chozuna, poti chinangwa chowawa chili ndi poizoni yemwe amachoka pokhapokha chikasendedwa, kuviikidwa ndi kuyanikidwa bwino.

Chachitatu ndi madzi. Anthu a ku Machinga sadaiwale kuti mliri waukulu wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapezeka koyamba m'boma lawo. Ambiri amadziwa kuti madzi athiridwa klorini pomva fungo lake. Wosamva fungo akhoza kumwa madzi osathira akuyesa othira, kapena kuthira kawiri. Njira yake ndi kukhala ndi ndowa imodzi yovindikira ya madzi akumwa, kutsata muyezo womwe alangizi adapereka, kudikira mphindi 30, ndi kumanga kansalu pandowapo ngati chizindikiro choti athira kale.

Chachinayi ndi mankhwala ndi mafuta. Petulo, palafini, mankhwala opopera thonje ndi othira m'chimanga asasungidwe m'mabotolo a zakumwa. Lembani dzina pachigubu chilichonse ndipo muchiike patali ndi ana. Popopera mbewu, wosamva fungo sadziwa kuti akupuma mankhwala ochuluka, choncho azivala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, mphepo izichokera kumsana kwake.

Kwa mayi wa khanda, thewera aziliona ndi maso pafupipafupi, osadikira fungo, kuti mwana asasupuke komanso kuti kutsekula m'mimba kudziwike msanga. Kuyamwitsa kupitirire monga mwa masiku onse, chifukwa vutoli silikhudza mkaka.

Kudya pomwe chakudya sichikukoma

Chiyeso chachikulu ndi mchere ndi shuga, poti ndi zomwe lilime likumvabe. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi wosadzaza supuni yaing'ono ya tiyi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Wophika wosamva kukoma akamaonjezera mchere, amaika pachiswe aliyense wodya m'mbalemo, ana omwe. Choncho mchere uziyezedwa ndi supuni imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo wolawa akhale wina. Izi si zochititsa manyazi.

Pali njira zina zodzutsira m'kamwa. Zowawasa zimathandiza: ndimu wofinyira pansomba, bwemba, malambe omwe ndi osasowa ku Balaka, kapena chidede. Kuyabwa kwa tsabola wa kambuzi ndi kutentha kwa jinja kumadutsa mumtsempha wina womwe kawirikawiri sukhudzidwa ndi vutoli, n'chifukwa chake odwala ambiri amazimvabe. Matimati akupsa, bowa ndi matemba ouma zimapatsa msuzi kukoma komwe lilime limamva popanda mphuno. Sinthasinthaninso kamvekedwe ka chakudya m'kamwa: chokhukhuta ngati mtedza kapena chimanga chokazinga, choterera ngati therere, chofewa ngati mbatata, chotentha pambali pa chozizira.

Kwa amene fungo likumubwerera mokhota, chakudya chozizirirapo chimavuta pang'ono kusiyana ndi chotentha, chifukwa nthunzi ndiyo imanyamula fungo. Zowiritsa zimaposa zokazinga. Ngati nyama, mazira ndi nsomba zikumuchititsa nseru, asangozisiya osaikapo china. Nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi nsinjiro zilowe m'malo mwake kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya akwanebe. Pa nthawi yokazinga anyezi, wina agwire mphika, iye akhale kaye panja. Pakapita masabata angapo ayesenso chakudya chomwe chidamukanika, poti zinthu zimasintha.

Ndipo adye potsata nthawi, osadikira chilakolako. Kudya pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu patsiku n'kwabwino kusiyana ndi kulimbana ndi mbale yodzaza kamodzi.

Kuiphunzitsanso mphuno

Palibe piritsi kapena jekeseni yemwe watsimikizika kuti amabwezeretsa fungo lomwe lidatayika chifukwa cha kachilombo. Njira yomwe madokotala ambiri amalimbikitsa ndi yosalira ndalama: kuiphunzitsanso mphuno.

Njirayi adaiyesa ndi katswiri wa ku Dresden m'dziko la Germany, Thomas Hummel, ndi anzake, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2009. Odwala ankanunkhiza mafungo anayi, la duwa la rozi, la bulugamu, la ndimu ndi la zokometsera zotchedwa clove, kawiri patsiku kwa masabata 12. Omwe ankachita zimenezi adayamba kumva bwinoko kuposa omwe sankachita. Kafukufuku wina wotsatira adaonetsa kuti kupitiriza kwa miyezi yambiri ndi kusinthasintha mafungo kumathandiza koposa.

Ku Ngokwe simufunika kugula kanthu. Sankhani zinthu zinayi zomwe fungo lake mukulikumbukira bwino, monga masamba a bulugamu ofikisa, khungu la ndimu kapena la nachesi, mpungabwi, jinja, mtedza wokazinga kapena sopo wosambira. Ikani chilichonse m'kabotolo kake kotsuka bwino kokhala ndi chotsekera, ndipo zamasamba muzizisintha pakapita masiku awiri kapena atatu.

M'mawa ndi madzulo, khalani pamalo opanda utsi. Tsekulani kabotolo kamodzi, kayandikizeni kumphuno, n'kununkhiza mofatsa kwa masekondi 10 mpaka 20. Musakoke mpweya mwamphamvu. Pomwe mukununkhiza, ganizirani za chinthucho: mtundu wake, komwe mudachithyola, momwe chinkanunkhirira kale. Pumani pang'ono, mutenge china. Zonse sizikwana mphindi zisanu.

Masabata oyamba mwina simumva kalikonse. Musasiye. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitirizani kwa miyezi yosachepera itatu, ndipo ngati n'kotheka isanu ndi umodzi, kenaka musinthe mafungowo. Kumapeto kwa sabata iliyonse lembani m'kope, kapena mwana wasukulu akulembereni, ngati simudamve kanthu, mwamva pang'ono, kapena mwamva koma mokhota. Kusintha kumabwera mochedwa moti popanda kulemba munthu sazindikira kuti akupita patsogolo. Si onse amene amachira kotheratu, koma njirayi ilibe choopsa chilichonse.

Zomwe simuyenera kuchita

Musathire m'mphuno madzi a adyo, a ndimu, a tsabola kapena mankhwala azitsamba, ndipo musafwenkhe fodya poganiza kuti kuyetsemula kutsekula mphuno. Zimenezi zimatentha kachigawo komwe kakuyesetsa kupola. Musanunkhize petulo, klorini kapena mankhwala a mbewu pofuna kuyesa ngati mphuno yayamba kugwira.

Kufunda bulangete pamphika wa madzi owira a masamba a bulugamu, komwe kudatchuka nthawi ya Covid-19, sikubwezeretsa timitsempha ta fungo, ndipo madziwo akatayika amawotcha koopsa, makamaka ana. Mankhwala odonthezera m'mphuno otsekula chimfine omwe amagulitsidwa m'mafamase asapitirire masiku owerengeka, chifukwa akakhalitsa amatsekanso mphuno kuposa kale. Makapisozi ogula pagolosale sapha tizilombo ta chimfine.

Mwana sanganene kuti sakumva fungo

Makolo akhale tcheru mwana akasintha kadyedwe atadwala chimfine. Akhoza kuyamba kukana phala lomwe ankalikonda, kutsina mphuno nthawi ya chakudya, kapena kunena kuti ndiwo zikununkha. Asamenyedwe kapena kukakamizidwa. Muyeseni mwa masewera: atsinzine, mumununkhizitse sopo, nthochi yakupsa ndi khungu la ndimu, atchule. Mwana wosakwana zaka zisanu apite kusikelo mwezi ndi mwezi kuti kutsika kwa thupi kuoneke msanga.

Pali chizindikiro chimodzi chosafunika kuchizengereza. Mwana akamatuluka mamina onunkha kapena a magazi mbali imodzi yokha ya mphuno, kawirikawiri amakhala kuti adalowetsamo kanthu, monga njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda. Musatokose ndi kamtengo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Vutoli limafika mpaka mumtima

Fungo limasunga zikumbutso. Fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, la mutu wa khanda, la chitenje cha mayi omwe adatisiya. Zikachoka, munthu amaona ngati pakati pa iye ndi dziko paikidwa galasi. Ena amasiya kupita kumaukwati ndi kuzisangalalo chifukwa kudya pagulu kwasanduka chipsinjo. Ena amada nkhawa kuti mwina akununkha thukuta osadziwa, ndiye amadzipatula kumzikiti, kutchalitchi kapena kubanki m'khonde. Kafukufuku wa m'maiko angapo waonetsa kuti matenda okhumudwa amapezeka kwambiri pakati pa anthu osamva fungo.

Mawu oti "bola uli moyo" kapena "ndi fungo chabe" amangoonjezera ululu. Chothandiza ndi kumukhulupirira, kudya naye limodzi, ndi kugwirizana naye kuti pakhale munthu mmodzi wokhulupirika womuuza mwakachetechete ngati chovala chikufunika kuchapa. Amene wasiya kugona, akungolira, kapena akulankhula zoti moyo watopa nawo, aperekezedwe kuchipatala mosachedwa.

Nthawi yopita kuchipatala

Aliyense amene watha mwezi osamva fungo chimfine chitatha akaonane ndi achipatala. Koma asadikire n'komwe ngati pali izi: mphuno yatsekeka mbali imodzi yokha kapena ikutuluka magazi pafupipafupi, vutoli layamba atavulala m'mutu, makamaka ngati m'mphuno mukudontha madzi oyera, mutu ukupweteka kwambiri, maso akuona ziwiriziwiri kapena atupa, akumva fungo lachilendo kenaka n'kukomoka, thupi likutsika, m'kamwa muli zoyera, kapena manja ayamba kunjenjemera.

Poyambira ndi pachipatala chaching'ono cha kwanuko, monga cha Ngokwe. Kumeneko angathe kuona m'mphuno ndi m'kamwa, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kulemera kwa thupi, n'kuunikanso mankhwala omwe mukumwa, choncho musaiwale buku lanu la kuchipatala. Pakafunika, amatumiza kuchipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, kenaka kuchipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli gawo loona za makutu, mphuno ndi pakhosi. Ulendo wochoka ku Ngokwe kudzera ku Ntaja kukafika ku Liwonde ndi wautali komanso wodula, choncho ndi bwino kunyamuka muli ndi kalata yotumizira. Muthanso kufunsa kaye ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe idayambira m'boma la Balaka mu 2011 isanafalikire dziko lonse, poimba foni mwaulere.

Kwa alangizi a zaumoyo, a m'makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi atsogoleri a makeyagulupu, ntchito yaikulu ndi kufunsa, chifukwa odwala sayamba okha nkhaniyi. Mukamayendera makomo n'kupeza munthu amene waonda, wasiya kukonda chakudya kapena ndiwo zake zikuchuluka mchere, mufunseni ngati akumva fungo la sopo kapena la utsi. Mufunseni kuti zidayamba liti, ndipo chidachitika n'chiyani zisadayambe: chimfine, ngozi kapena mankhwala atsopano. Lankhulani ndi banja lonse, osati wodwala yekha, kuti agawane zoti wolawa ndiwo ndani, wonunkhiza mkute ndani, woona moto usiku ndani. Muthandizeni kupeza timabotolo tinayi tija, muyeseni sikelo, ndipo mubwererenso pakatha mwezi kuti muone zomwe zalembedwa m'kope.